Pick up: timawu tiwiri tomwe timazunguza anthu kuyambira pa Zóbuè mpaka ku Moatize

Ine ndimaphunzitsa Chingerezi kuno ku Angónia, ndipo omwe amandifunsa mafunso ambiri si ana asukulu ayi, ndi madalaivala a matiraki, anyamata ofuna ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize, komanso azimayi a geni omwe amadutsa pa Calómuè kupita ku Dedza. Dandaulo lawo ndi limodzi: Chingerezi cha m'buku akuchimva ndithu, koma bwana akangoyamba timawu take tifupitifupi tija basi mutu waima. Timawuti timatchedwa phrasal verb, kutanthauza mneni womwe waphatikizidwa ndi kamawu kakang'ono ngati up, off kapena out, ndipo awiriwo akakumana tanthauzo limasinthiratu. Lero tingoona ka pick up kokha, chifukwa pa boda ndi pa ntchito simungathe tsiku osakamva.

Pick payekha ndi kusankha, kapena kuthyola monga tomato kudimba. Mukawonjezera up tanthauzo loyamba ndi kutola kapena kunyamula chinthu chomwe chili pansi, pick up that bag, nyamula chikwamacho. Mnzake apa ndi lift. Izi sizivuta, tidutse.

Pomwe pagona nkhani ndi pa tanthauzo lachiwiri, kukatenga munthu kapena katundu pamalo pomwe akudikira. Bwana akati pick up the load in Beira ndiye kuti kakweze katundu ku Beira, akati I will pick you up at six ndiye kuti adzakutengani 6 koloko. Anzake ndi collect ndi fetch. Tsono ife a ku Tete kuno tili ndi msampha wathuwathu womwe abale athu a ku Malawi alibe, ndi Chipwitikizi chomwe tinaphunzira kusukulu. Mawu aja oti apanhar amagwira ntchito zambiri zofanana ndi pick up, kutola chinthu pansi, kutenga matenda, ndiye munthu amangoganiza kuti ndi mapasa, kenako pofuna kunena kuti apanhei chapa, ndiye kuti ndinakwera minibasi, akuti I picked up a chapa. Ayi abale. Mwanena kuti mwanyamula minibasi yonse, kapena mwapita kukaitenga kugalaja. M'Chingerezi nthawi zambiri wokwera satenga galimoto ndi pick up, galimoto kapena dalaivala ndi amene amatenga wokwera. Inu munene kuti I took a chapa kapena I caught a chapa, ndipo dalaivalayo ndi amene anganene kuti I picked up passengers in Ulongué. Muzingodzifunsa kuti wayenda kukapeza mnzake ndani, ameneyo ndiye mwini pick up.

China chomwe ndimamva kwambiri, makamaka kwa omwe anatolera Chingerezi chawo kutsidya kwa malire, ndi kusiya up uja, pick me at the market. Kuno tonse timvana, palibe angasochere, koma kwa mzungu wa ku London pick me ndi ndisankhe ine, ngati posankhana matimu a mpira. Ikani up, sakudyerani eyataimu.

Za foni nazo. He is not picking up ndiye kuti sakuyankha foni, mnzake ndi answer. Apa samalani ndi atender wa Chipwitikizi, musati attend the phone, chifukwa attend ndi kukhala nawo pa msonkhano kapena m'kalasi. Ndipo mukakhala kufupi ndi malire foni yanu ya Movitel kapena Vodacom n'kuyamba kukoka netiweki ya Airtel kapena TNM, kukokako ndi pick up yemweyo, my phone is picking up a Malawian network.

Palinso kuphunzira chinthu mosakhala m'kalasi, kungotolera poyendayenda. Munthu wa ku Tsangano yemwe wakhala mumzinda wa Tete n'kuyamba kulankhula Chinyungwe osaphunzitsidwa ndi aliyense, he picked up Nyungwe. Learn ndi wofanana naye koma si ndendende, chifukwa learn amalola kuti munakhala pansi ndi kope, pomwe pick up ndi zongolowa zokha m'khutu. Matenda ndi makhalidwe oipa nazo zimalowa choncho, pick up a cold, pick up bad habits.

Ndiye pali pomwe pick up amaima yekha popanda chinthu chotoledwa, apo tanthauzo ndi kuyamba kuyenda bwino kapena kukwera. Business is picking up, geni yayamba kusongola, monga zimakhalira anthu akakolola mbatatesi ndalama zikayamba kuoneka m'misika. Wodwala akayamba kupezako bwino, mphepo ikayamba kulimba, zonsezo ndi picking up. Anzake ndi improve, recover, increase, malinga ndi nkhani.

Awiri awa muwadziwe kuti musadzachite manyazi. He was picked up by the police sikuti apolisi anamupatsa lifiti, anamugwira, mnzake ndi arrest kapena detain. Ndipo mwamuna akati he picked up a woman at a bar, nkhani yake si ya thiransipoti, ndi yonyengererana zachibwenzi, ndiye ngati mukungonena zokatenga mlamu wanu pa depoti tchulani malo ndi chifukwa momveka bwino.

Tsono nkhani yabwino kwa ife ndi iyi. Mawu ambiri olowa m'malo mwa pick up muwadziwa kale osazindikira. M'chaka cha 1066 William wa ku Normandy, dera la ku France, analanda dziko la England, ndipo kwa zaka zambiri olamulira kumeneko ankalankhula Chifalansa, ndiye mawu ochuluka ochokera ku Chilatini analowa m'Chingerezi kudzera njira imeneyo, ena kudzera m'tchalitchi ndi m'mabuku. Chipwitikizi nacho ndi mwana wa Chilatini, n'chifukwa chake recover akufanana ndi recuperar, acquire ndi adquirir, detain ndi deter, contract a disease ndi contrair doença. Mawu amenewa ndi omwe amamveka aulemu polemba kalata yofunsira ntchito kapena lipoti, ndipo ine ndimauza ophunzira anga kuti polemba agwiritse amenewo, sangalakwitse kwambiri. Koma pokamba pakamwa ndi foromani ku mgodi, ndi pick up amene amayenda kwambiri.

Kasanjidwe kake n'kosavuta koma anthu amagwa napo. Ngati mwatchula dzina la chinthu muli ndi ufulu, pick up the keys kapena pick the keys up, zonse zili bwino. Koma mukagwiritsa it, him, her, me, us, them, kamawuko kalowe pakati basi, pick it up, pick them up, osati pick up it. Zakale ndi picked up, ed uja amamatira pa pick osati pa up. Galimoto ya bodi kumbuyo ija timati pikapu dzina lake linachokera pomwepa, kungoti likakhala dzina amalilemba pamodzi, pickup. Ndipo musasokoneze ndi pick out, komwe ndi kusankha chimodzi pagulu, kapena pick on, komwe ndi kumangotola munthu mmodzi yemweyo n'kumamuvutitsa.