Sitiroko ikagwa pakhomo, wodwala asamangogona pamphasa

Uthenga uwu ndi wa anthu a ku Dedza ndi ku Ntcheu amene mukusamalira m'bale wofa ziwalo, komanso inu amene a chipatala anakuuzani kuti muli ndi BP kapena shuga.

Wodwala sitiroko akatuluka m'chipatala, m'makomo ambiri zimayenda chonchi: amamuyalira mphasa kuchipinda, amamufunditsa mabulangete awiri poti kuno n'kozizira, n'kumuuza kuti, "Pumulani agogo, zonse tikuchitirani." Amamudyetsa, amamusambitsa, supuni yomwe samulola kugwira. Onse amachita izi chifukwa chomukonda. Koma ikatha miyezi itatu mupeza mkono wapindika n'kukanirira pachifuwa, zala zafumbata osatambasuka, phazi lagwa, ndipo pathako patuluka bala losapola. Zambiri mwa izi si sitiroko imene yachita. Wazichita ndi kugona osasuntha.

Vuto lili mu ubongo, osati mu mkono

Ubongo umakhala ndi moyo chifukwa cha magazi amene amafikako. Mtsempha wina ukatsekeka ndi magazi oundana, kapena ukaphulika, kachigawo ka ubongo kamene kamadalira mtsemphawo kamawonongeka. Ubongo wa kumanzere umalamulira thupi la kumanja, wa kumanja umalamulira la kumanzere, n'chifukwa chake munthu amafa mbali imodzi. Mkono umene walobodokawo ulibe chilema chake, koma lamulo lochokera kumutu lasiya kufika. Kutema mphini pamkonopo ndi kuthirapo mankhwala sikungafike pamene pali vuto, kungowonjezera mabala pa khungu limene mwini wake sakulimva bwino.

Chosangalatsa n'chakuti ubongo umaphunziranso. Mbali zimene zatsala zimatha kutenga ina mwa ntchito za mbali yowonongeka, bola wodwalayo azibwereza zochita zomwezo tsiku ndi tsiku, kambirimbiri. Imeneyi ndiyo ntchito ya mafizo. Kusintha kwakukulu kumaoneka m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyamba, ndiye miyezi imeneyi si yoitaya podikira kuti wodwala "ayambe wapeza mphamvu".

Chimene chimabweretsa sitiroko kwambiri ndi BP yokwera. Shuga, fodya, mowa wambiri ndi HIV yosalandirira mankhwala zimawonjezera chiopsezo. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi sankadziwa. BP si matenda a anthu onenepa a m'tauni okha. Mlimi wa kachewere wa ku Bembeke kapena ku Tsangano, wowonda ndi wamphamvu zake, akhoza kukhala nayo osamva ngakhale mutu. Njira yodziwira ndi imodzi: kuyezetsa. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa pamenepo mobwerezabwereza, ndiye kuti ndi yokwera.

Tsiku limene yagwa

Kamwa likapotokera mbali imodzi mwadzidzidzi, mkono kapena mwendo ukafooka, mawu akamatuluka ngati a munthu woledzera kapena akasowa kumene, pezani galimoto kapena chilichonse chimene chingamunyamule bwino, mupite naye kuchipatala nthawi yomweyo. Musadikire kuti kuche. Musamumwetse madzi, phala kapena mankhwala alionse, chifukwa akhoza kutsamwa. Asipirini musamupatse mwa inu nokha: ngati mtsempha waphulika, asipirini amawonjezera kutaya magazi m'mutu. Ngakhale zizindikirozo zitatha zokha patapita mphindi zochepa, pitanibe. Limenelo limakhala chenjezo la sitiroko yaikulu.

Musanatuluke m'chipatala, kaya ndi cha boma ku Dedza, ku Ntcheu kapena cha mishoni ku Mua, pemphani kuti a mafizo amuone wodwala wanu, ndipo inu gadiyani muonetsedwe ndi manja anu zoti mukachite kunyumba. Ofunika thandizo lalikulu amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, ndipo ku Blantyre kuli Kachere, malo ophunzitsira anthu ofa ziwalo kuyenda ndi kudzisamalira. Koma tinene zoona: a mafizo ndi ochepa m'dziko muno, ndipo ngakhale atamuona wodwala kamodzi pa mwezi, masiku ena onsewo ali m'manja mwanu.

Ntchito ya gadiyani kunyumba

Wodwala amene sangathe kudzitembenuza mutembenuzeni maola awiri alionse, usiku womwe. Gawanani ntchitoyi pabanja, munthu mmodzi sangaithe. Pomusambitsa yang'anani pathako, m'chiuno, pa zidendene ndi pa mapewa. Pakafiira kapena pakada kuposa khungu lozungulira, osabwerera mwakale, bala layamba pansi, asagonerenso pamenepo. Zofunda zonyowa ndi mkodzo zichotsedwe msanga.

Mkono wofookawo musamaukoke. Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Pofuna kumudzutsa wodwala timagwira dzanja n'kukoka ngati tikudzutsa mwana amene wagwa. Phewa la mbali yofa lilibe minofu yoligwira, limaguluka pang'ono, ndipo ululu wake ukhoza kukhala miyezi. M'malo mwake mutembenuzireni chammbali, tsitsani miyendo yake, ikani dzanja lanu kumsana pansi pa phewa, mumuthandize kukhala tsonga. Akakhala pampando, mkonowo usalendewere. Uikeni pa pilo kapena pa chitenje chopindidwa, chikhatho chili chotambasula.

Kawiri pa tsiku, yendetsani mfundo zonse za mbali yofookayo: zala, pamkono, chigongono, phewa, chiuno, bondo ndi kakolo. Pindani ndi kuwongola pang'onopang'ono, kakhumi pa mfundo iliyonse, n'kulekera pamene wayamba kumva kuwawa. Kakolo musamuiwale, phazi likauma litaloza pansi, kuponda chidendene kumavuta ngakhale mphamvu zitabwerera. Wodwala nayenso agwirepo ntchito. Apinganize zala za manja onse awiri, dzanja lamphamvu linyamule lofooka kupita m'mwamba. Atagona chagada, apinde mawondo, aponde pansi, anyamule matako n'kuwatsitsa.

Akayamba kukhala tsonga osagwa, aphunzire kuimirira kuchokera pampando wolimba, mapazi onse awiri atapondera pansi mofanana, inu mutaima mbali yofookayo. Kuchoka pamphasa n'kuima chilili n'kovuta ngakhale kwa nkhalamba yabwinobwino, ndiye ngati n'kotheka mupezereni bedi kapena mpando wofika m'mawondo. Pabwalo mukhoza kuzika mafoloko a bulugamu mizere iwiri, n'kugoneka mitengo yosalala pamwamba pake pa msinkhu wa m'chiuno, kutalika kwake mapazi khumi. Wodwala azigwira uku ndi uku n'kumayenda pakati. Salazani pansi, chotsani miyala, ndipo nthawi ya dzinja dikirani paume chifukwa dothi lathu lofiirali limaterera.

Ndipo msiyeni achite zimene angathe. Asambe m'manja yekha, amange mabatani a malaya, atole nyemba m'lichero n'kuziika m'kapu ndi dzanja lofookalo, atongole chimanga ngakhale chitsononkho chimodzi chimutengere theka la ola. Nsima ikamagwa pansi pamene akudya, musamulande mbale. Mutulutseni pakhonde aothe dzuwa, aziona anthu akudutsa, azicheza. Amene mawu akumuvuta mulankhuleni ngati munthu wamkulu, mufunseni funso limodzi, mudikire yankho. Ambiri amamva zonse ngakhale akulephera kuyankha, ndipo kukamba za iwo pamaso pawo ngati palibe kumawapweteka. Akamangolira, kukana kudya kapena kunena kuti bola kufa, auzeni a chipatala. Kukhumudwa kotere kumabwera kawirikawiri ndi sitiroko ndipo kuli ndi thandizo lake.

Chenjezo la kuno kwathu: mu June ndi July timaothera moto pafupi kwambiri. Mwendo wosamva ukhoza kupsa pa mbaula mwini wake osadziwa, mpaka ena atamva fungo. Chimodzimodzinso odwala shuga amene mapazi anachita dzanzi. Akhale patali ndi moto, avale masokosi, ndipo madzi osamba muyambe mwayesa inu ndi chigongono.

Kudyetsa wovutika kumeza

Musamudyetse atagona. Akhale tsonga, mutu woweramira pang'ono kutsogolo, adye pang'onopang'ono ndi supuni yaing'ono, ndipo akamaliza akhalebe tsonga mphindi 30. Madzi ndi tiyi ndi zimene zimatsamwitsa msanga kuposa phala lolimbirapo. Onani m'tsaya la mbali yofa, chakudya chimabisala m'menemo. Akamakhosomola pa chakudya chilichonse, mawu akamamveka ngati muli madzi pakhosi, kapena akatentha thupi, bwererani naye kuchipatala: chakudya cholowa m'mapapo chimayambitsa chibayo.

Phala la ufa woyera lokhalokha silingamange minofu. Thiranimo nsinjiro kapena ufa wa soya, mupatseni dzira, nyemba zophwanya, mbatata yopota, peyala, nthochi yakupsa, usipa wosinja.

Mchere, mafuta ndi nsima

Magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa, zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta, ndi omwewo a munthu wa BP ndi shuga. Palibe chakudya chapadera chokagula ku Lilongwe. Chimene chimasintha ndi muyezo.

Mchere wa munthu wamkulu usafike magalamu 5 pa tsiku, kumene ndi ngati supuni yaing'ono ya tiyi imodzi, kuphatikiza zonse zimene wadya. Mcherewu si wa m'kambale ka patebulo wokha. Uli mu timabuloko tokometsera ndiwo, mu soda wa m'therere ndi m'masamba, mu nsomba zoumitsa ndi mchere, mu buledi, ndi m'kamulu kaja kosakaniza ndi tsabola kamene timasunsamo tchipisi ndi kanyenya pachiwaya. Chepetsani pang'onopang'ono mumphika wa banja lonse. Lilime limazolowera pakatha masabata ochepa, ndipo wodwala sadziona ngati wapatsidwa chilango. Tomato, anyezi, adyo ndi mandimu zimakometsa ndiwo popanda mchere wambiri.

Wa shuga asasiye nsima, koma mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera, ndipo mitanda ichepe, masamba achuluke mpaka theka la mbale. Kachewere timalima tokha ndipo ndi chakudya chabwino, koma ali m'gulu limodzi ndi nsima, mpunga ndi chinangwa. Kudya nsima ndi ndiwo za mbatata ndiye kuti mwadya zokhutitsa kawiri. Wowiritsa aposa wokazinga. Thobwa lothira shuga, zakumwa za m'mabotolo ndi tiyi wa masupuni atatu zimakweza shuga msanga. Masamba kuno sitisowa. Kabichi, mpiru ndi kaloti zimene timakweza pa malole ku Lizulu zizitsalako zina za pakhomo, ndipo bonongwe, chisoso, nkhwani ndi kholowa sizifuna ndalama. Pichesi, gwafa kapena papaya mudye chipatso chenichenicho, osati madzi ake othira shuga.

Kachasu ndi fodya, wa ndudu kapena wopichira, palibe muyezo wabwino kwa amene anagwidwapo ndi sitiroko.

Kwa inu amene simunadwale sitiroko

WHO imati munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi mphindi 150 kapena kuposa pa sabata, mokwanira kuti mtima ugunde msanga koma akutha kulankhula, monga mphindi 30 masiku asanu. Amene mumalima mizere, kutunga madzi ndi kukwera zitunda za kuno ndi mtolo wa nkhuni, muyezo umenewu mumaupitirira kale. Inu chanu ndi kuyezetsa BP ndi kusamala mchere. Uthengawu ndi wa ogulitsa m'maokala amene amakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, atelala, madalaivala, a m'maofesi a pa boma, ndi ife amene tinazolowera kukwera njinga yamoto ulendo woti tikanayenda wapansi. Kuyenda mwandawala kukwanira. Kuvina ngoma, chimtali kapena kwaya ya kutchalitchi ndi masewera olimbitsa thupi omwewo.

Agogo aziyesera kudzuka pampando osagwira kanthu kakhumi, ndi kuima ndi mwendo umodzi atagwira khoma, zimateteza kugwa. Wa nyamakazi ya m'mawondo kapena msana wowawa asamangogona, kupuma masiku ambiri kumaumitsa thupi. A shuga amene mumamwa glibenclamide kapena kubaya insulini musagwire ntchito yolemetsa musanadye, ndipo muziyenda ndi kashuga kapena maswiti m'thumba: mukayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira ndi kuchita chizungulire, idyani pomwepo. Madzulo alionse yang'anani mapazi, pakati pa zala pomwe, ndipo musamayende opanda nsapato.

Lekani masewera n'kupita kuchipatala mukamva kupweteka pachifuwa, phuma losazolowereka, chizungulire chofuna kukugwetsani kapena mutu waukulu wadzidzidzi. Kwa wodwala wogona, mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kuwawa pakatumba, musausisite. Akhoza kukhala magazi oundana, ndipo afunika kuonedwa tsiku lomwelo.

Masewera ndi zakudya sizilowa m'malo mwa mankhwala. Amlodipine, hydrochlorothiazide, enalapril, metformin kapena ena alionse amene munalemberedwa ndi omwa tsiku lililonse, ngakhale BP itatsika, pakuti yatsika chifukwa cha mankhwalawo. Amene anadwalapo sitiroko akhoza kudwalanso, ndipo kusiya mankhwala a BP ndi njira yachidule yoiitanira. Amene muli pa ma ARV pitirizani, ndipo pokatenga muzipempha akuyezeni BP. Onani tsiku limene analemba m'buku lanu la kuchipatala, mupite mapiritsi asanathe, bukulo ndi timapaketi ta mankhwala onse zili m'manja.