Mmene mayiko anayambira kugawana pansi pa nyanja yamchere

Mafuta ambiri amene amayendetsa makombi a muno mu Harare amatsitsidwa pa doko la Beira, n'kuyenda m'paipi mpaka ku Feruka pafupi ndi Mutare, kenako n'kudzafika ku Msasa. Choncho ife a m'mayiko opanda gombe, Zimbabwe kumene tikukhala ndi Malawi kumene makolo athu anachokera, nkhani za nyanja yamchere sizitilambalala. Mayiko onse awiriwa anavomereza pangano la United Nations la malamulo a panyanja, Zimbabwe mu 1993 ndipo Malawi mu 2010, ndiye n'koyenera kudziwa kumene malamulo ogawira pansi pa nyanja anachokera, makamaka poti ambiri amawatchula ngati kuti ndi lamulo limodzi losavuta lakuti mayiko oyandikana azigawana pakati.

Kale mayiko ambiri ankangoteteza madzi a m'mbali mwa gombe lawo, mtunda wa mamailosi atatu a panyanja, ndipo za pansi pa madzi akuya panalibe amene ankazilabadira kwenikweni. Chimene chinasintha zinthu ndi mafuta. Mu 1942 Britain ndi Venezuela anagawana pansi pa Gulf of Paria, pakati pa Trinidad ndi Venezuela, ndipo pa 28 September 1945 pulezidenti Harry Truman analengeza kuti chuma cha m'nthaka imene imapitirira pansi pa madzi kuchokera pa gombe la America ndi cha America. Mayiko ena anatsatira msanga, ndipo funso linabuka lakuti nthaka ya dziko lina ikakumana ndi ya mnzake pansi pa madzipo, malire adzakhala pati.

Yankho loyamba linalembedwa m'pangano la mayiko lonena za nthaka ya pansi pa nyanja ku Geneva mu 1958. Gawo 6 la pangano limenelo linati mayiko ayambe agwirizana okha, ndipo akalephera, ngati palibenso chifukwa chapadera, malire atsate mzere umene uli pa mtunda wofanana kuchokera ku magombe onse awiri. Apa m'pamene mzere wapakati unalowera m'malamulo, koma unalowa uli chinthu chomalizira, osati choyambirira.

Sipanapite zaka zambiri kuti vuto la mzerewu lionekere. Gombe la West Germany pa North Sea ndi lopindikira mkati, pamene Denmark ili kumpoto ndipo Netherlands ili kumadzulo kwake. Mizere yoyezedwa pa mtunda wofanana ikachokera mbali zonse ziwirizi imakumana pafupi ndi gombe, monga zimachitikira mwini dimba la pa mphindi ya mtsinje amene anansi ake awiri amupanikiza mpaka kumusiyira kachigawo kosongoka. Germany inakana, ndipo popeza inali isanavomereze pangano la 1958, nkhaniyo inapita ku khoti la mayiko onse ku The Hague. Pa 20 February 1969 khotilo linagamula kuti mzere wapakati si lamulo lomanga dziko lililonse, ndi kuti malire ayenera kuikidwa mogwirizana, motsata chilungamo, poganizira maonekedwe a gombe ndi kutalika kwake. Mayiko atatuwo anakambirananso, ndipo mu 1971 Germany inalandira dera lokulirapo lofika chapakati pa nyanjayo. Ine ndimaona kuti chigamulo chimenechi ndicho muzu wa zonse zimene zinatsatira, chifukwa chinavomereza kuti muyezo ukhoza kukhala wolondola koma zotsatira zake n'kukhala zopondereza.

Pa msonkhano waukulu wa malamulo a panyanja umene unayamba mu 1973, mayiko anagawikana pawiri. Ena ankafuna kuti mzere wapakati ulembedwe m'pangano, ena ankafuna mawu oti chilungamo, ndipo kawirikawiri dziko linkasankha mbali poyang'ana gombe lake ndi zilumba za anansi ake. Pangano la United Nations lija, limene linasainidwa ku Montego Bay, Jamaica, pa 10 December 1982, n'kuyamba kugwira ntchito mu 1994, linapatsa dziko la gombe ufulu pa chuma cha pansi pa nyanja mpaka mamailosi 200, omwe ndi makilomita pafupifupi 370, ndipo malo ena kupitirira apo. Koma gawo 83, lonena za anansi, silinatchule njira yoyezera. Linangoti agwirizane motsata malamulo a mayiko onse kuti apeze yankho lachilungamo.

Ntchito yotsalayo inagwera oweruza. Pa mlandu wa Libya ndi Malta mu 1985 khoti linasuntha mzere wapakati chifukwa gombe la Libya ndi lalitali kwambiri poyerekeza ndi la Malta. Pa mlandu wa Romania ndi Ukraine mu 2009 linakhazikitsa njira imene ikutsatidwa lero: oweruza amayamba ajambula mzere wa mtunda wofanana mongoyembekezera, kenako amaona ngati pali zifukwa zousunthira, monga kachilumba kapena gombe lopindika, ndipo pomaliza amafufuza ngati dziko lina silinalandire dera losiyana kwambiri ndi kutalika kwa gombe lake.

Kuno ku Africa njirayi yagwiritsidwa kale ntchito. Ghana ndi Côte d'Ivoire analandira chigamulo chawo mu 2017 ku khoti la za panyanja la ku Hamburg. Kenya inkafuna kuti malire ake ndi Somalia alunjike kum'mawa, pamene Somalia inkafuna mzere wa mtunda wofanana wopendekera kum'mwera, ndipo pa 12 October 2021 khoti la ku The Hague, litapeza kuti panalibe malire amene awiriwa anagwirizanapo kale, linajambula mzere umene unapereka gawo lalikulu kwa Somalia. Kenya inakana chigamulocho. Mozambique ndi Tanzania anachita mwanzeru posainirana malire awo a panyanja mu 1988, gasi wa kufupi ndi mathiriro a Rovuma asanapezeke mu 2010, pakuti malire amavuta kukambirana chuma chikadziwika kale pamene chili.

Mbiri imeneyi ndi yofunika kwa ife chifukwa cha mkangano wa Nyanja ya Malawi, umene sulephera kubuka a kwathu akakumana ku Mbare, ku Mufakose kapena ku Mabvuku. Ena amagwa mphwayi n'kumati malamulo a mayiko onse amalamula kugawana pakati, ndiye Tanzania yapambana kale. Zimenezi si zoona. Pangano la 1982 limanena za nyanja yamchere, osati nyanja za pakati pa mtunda, ndipo ngakhale pa nyanja yamcherepo funso loyamba la oweruza limakhala lakuti kodi pali malire amene anagwirizanidwa kale. Malawi imatsamira pa pangano la Britain ndi Germany la 1 July 1890, limene linaika malire pa gombe la mbali imene lero ndi Tanzania, komanso pa mfundo ya atsogoleri a Africa ya ku Cairo mu 1964 yolemekeza malire amene mayiko anawapeza polandira ufulu. Kumene mzere wapakati ulipo pa nyanjayi, pakati pa Malawi ndi Mozambique, unabwera ndi pangano lina la Britain ndi Portugal mu 1954, limene linasiya Likoma ndi Chizumulu m'manja mwa Nyasaland.

Tanzania nayo ili ndi mfundo zake: mapu ena a atsamunda anaonetsa malire pakati pa madzi, ndipo asodzi a ku Mbamba Bay amadalira nyanjayi monga amachitira a ku Nkhata Bay. Mfundo zimenezi si zonyozeka, koma mphamvu yake iyenera kuyezedwa ndi mawu a pangano la 1890, osati ndi gawo 83. Mkanganowu unakula Malawi itapereka chilolezo chofufuza mafuta pansi pa nyanjayi mu 2011, ndipo zokambirana zimene Joaquim Chissano ankatsogolera pamodzi ndi Thabo Mbeki ndi Festus Mogae zinaima mu 2014 mbali ziwirizi zisanagwirizane.