Ululu wa fibromyalgia mwa amayi: singano za acupuncture kapena mapiritsi?

Mayi amene thupi lonse lakhala likumuphwanya kwa miyezi yoposa 3, wodzuka ali wotopa ngati sanagone, koma magazi ndi X-ray osaonetsa kanthu, asauzidwe kuti akunamizira. Fibromyalgia ndi matenda enieni ndipo amapezeka kwambiri mwa amayi. Vuto silikhala m'minofu ayi, ndi ubongo ndi minyewa zimene zimakuza uthenga wa ululu. N'chifukwa chake panado ndi brufen sizipita nawo patali.

Dokotala akalemba amitriptyline, ambiri amadabwa poti ndi mankhwala a matenda a maganizo. Pano ntchito yake ndi ina: kuchepetsa uthenga wa ululuwo ndi kukonza tulo. Mlingo wake ndi wochepa, 10 mg mpaka 25 mg madzulo, maola awiri musanagone kuti m'mawa musadzuke ndi chizungulire. Amaumitsa m'kamwa, amadzimbitsa, ena amanenepa nawo. Wodwala mtima kapena matenda a maso otchedwa glaucoma auze dokotala asanayambe. Mapiritsi ena a duloxetine, amene bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linavomereza pa matendawa mu 2008, amayambira pa 30 mg kwa sabata imodzi kenako 60 mg. Mseru umavuta masiku oyambirira. Osamwera pamodzi ndi mankhwala opha ululu a tramadol, komanso osasiya mwadzidzidzi. Cholakwika chofala ndi kuleka patangotha masiku ochepa, pomwe phindu limaoneka pakatha milungu ingapo.

Acupuncture si kutema mphini. Ndi kubaya tisingano topyapyala m'malo osankhidwa pathupi n'kutisiya mphindi 20 kapena 30, kamodzi kapena kawiri pa sabata. Bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo la Cochrane mu 2013 linasanthula kafukufuku 9 wa anthu 395. Poyerekeza ndi osalandira chithandizo, obayidwa anapezako bwino, makamaka pamene singanozo zinalumikizidwa ku magetsi ochepa mphamvu. Koma poyerekeza ndi kubaya kongonamizira (kosatsata njira yeniyeni ya acupuncture), kusiyana pa ululu sikunaoneke bwino, ndipo mpumulowo sunakhalitse. Singano zikhale zatsopano, zotsegulidwa inu mukuona, chifukwa zogwiritsidwa kale zimafalitsa hepatitis B ndi HIV. Woyembekezera, womwa warfarin (mankhwala oletsa magazi kuundana) kapena wokhala ndi pacemaker (kachipangizo kowongolera kugunda kwa mtima) anene poyambirira.

Kunena zoona, njira ziwirizi sizichiritsa, zimangochepetsa ululu, ndipo si kwa onse. Malangizo a 2017 a EULAR, bungwe la ku Ulaya la akatswiri a matenda a nyamakazi, anaziyika zonse m'gulu lothandizako pang'ono. Chimene analimbikitsa mwamphamvu ndi chimodzi chokha, masewera olimbitsa thupi, oyamba pang'onopang'ono monga kuyenda mphindi 10 patsiku.

Kwa mayi amene tulo ndilo vuto lalikulu, amitriptyline ndiye woyenera kuyambira, poti ndi wotchipa ndipo amapezeka m'zipatala zambiri. Amene mapiritsi akumuvuta angayese acupuncture kwa katswiri wophunzira, koma agwirizane chiwerengero cha maulendo pasadakhale. Akamaliza osaona kusintha, asapitirize kulipira.