MVP wa NBA amasankhidwa bwanji? Mafunso ndi mayankho pa mavoti ndi lamulo la magemu 65

Ukangofika mwezi wa Epulo, okonda basketball amagawikana pa nkhani ya yemwe akuyenera kukhala MVP, wosewera wopambana onse mu NBA, ligi yaikulu ya basketball ya ku America. Mikangano yambiri imatalika chabe chifukwa otsutsanawo sanayambe aona malamulo a mphotoyi, ndipo wina amakhala akunena za chikho pomwe mnzake akunena za mapointi.

Mphotoyi imawerengera magemu ati?

Imawerengera magemu a sizoni okha, 82 pa timu iliyonse mwa matimu 30, kuyambira mu Okutobala mpaka pakati pa Epulo. Ovota amapereka mavoti awo ndime ya playoffs, yomwe matimu amachotsana polimbirana chikho, isanayambe, ngakhale wopambana amalengezedwa ndimeyo ili mkati. Choncho mfundo yoti “wakutiyo sanatenge chikho” ilibe malo pa mtsutsowu.

Mu 2007 Dirk Nowitzki anatsogolera Dallas Mavericks kupambana magemu 67, koma timuyo inatulutsidwa mu ndime yoyamba yeniyeni ya playoffs ndi Golden State Warriors, yomwe inalowa ili pa nambala 8. Nowitzki analandirabe mphoto yake timu itatuluka kale. Mu 2023 zinali zosiyana: Nikola Jokić analephera kwa Joel Embiid pa mavoti a MVP, kenako mu Juni anatenga chikho ndi Denver Nuggets pamodzi ndi mphoto ya wosewera bwino m’mafainolo. Imeneyo ndi mphoto ina, ya dzina la Bill Russell, ndipo ili ndi ovota ake.

Amavota ndani?

Mphotoyi inayamba mu sizoni ya 1955-56 ndipo woyamba kuilandira anali Bob Pettit. Mpaka 1980 ankavota ndi osewera okhaokha. Kuyambira sizoni ya 1980-81 ntchitoyi inapita kwa atolankhani ndi owulutsa masewero. Pano ovota alipo 100, ndipo kuyambira 2017 owulutsa olembedwa ntchito ndi matimu anachotsedwa pagululi kuti pasakhale wovotera wosewera wa abwana ake. Aphunzitsi savota, mkulu wa ligi nayenso savota.

NBA imasindikiza momwe aliyense wavotera, dzina ndi dzina. Ubwino wake ngwakuti palibe wobisala. Kuipa kwake ngwakuti ovota ena amaopa kupatuka pagulu, podziwa kuti akasiyana ndi anzawo akanyozedwa pa intaneti kwa sabata yathunthu.

Mavoti amawerengedwa motani?

Wovota aliyense amalemba mayina asanu mwa ndondomeko. Woyamba amapeza mapointi 10, wachiwiri 7, wachitatu 5, wachinayi 3, wachisanu 1. Wopambana ndi amene wasonkhanitsa mapointi ochuluka, osati amene waikidwa pa nambala 1 kambiri. Apa ndi pomwe ambiri amasokonekera.

Tiyerekeze kuti wosewera wina waikidwa poyamba ndi ovota 45, pachiwiri ndi 30, pachitatu ndi 25. Mapointi ake ndi 450 kuphatikiza 210 kuphatikiza 125, onse pamodzi 785. Mnzake waikidwa poyamba ndi ovota 40 okha, koma otsala onse 60 amuika pachiwiri: 400 kuphatikiza 420, yomwe ndi 820. Wachiwiriyu ndiye MVP. Ndondomekoyi imakomera wosewera amene aliyense akumuvomereza, ndipo imapweteka amene ena akumukonda kwambiri pomwe ena sakumufuna n’komwe.

Zinachitikadi mu 1990. Charles Barkley anaikidwa poyamba ndi ovota 38, Magic Johnson ndi 27, koma Johnson anapambana ndi mapointi 636 pomwe Barkley anapeza 614.

Wosewera mmodzi yekha ndiye anaikidwapo poyamba ndi ovota onse: Stephen Curry mu 2016, pomwe Warriors inapambana magemu 73. Shaquille O’Neal mu 2000 ndi LeBron James mu 2013 anaperewera voti imodzi yokha aliyense.

Lamulo la magemu 65 limati chiyani kwenikweni?

Lamuloli lili mu mgwirizano wa ligi ndi bungwe la osewera wa 2023, ndipo linayamba kugwira ntchito mu sizoni ya 2023-24. Kuti dzina la wosewera lipezeke pa mndandanda wovoteredwa, ayenera kusewera magemu osachepera 65. Kutanthauza kuti akhoza kujomba magemu 17 okha. Akajomba ya nambala 18, watuluka mu mpikisano, kaya akugoletsa mapointi 40 usiku uliwonse.

Si gemu iliyonse yomwe imawerengedwa. Wosewera ayenera kukhala m’bwalo mphindi 20 kapena kuposerapo, pa mphindi 48 za gemu. Amaloledwa magemu awiri okha omwe wasewera mphindi zapakati pa 15 ndi 20. Akavulala mu kota yoyamba n’kutuluka atasewera mphindi 8, gemu imeneyo ili ngati sanabwere n’komwe. Izi zinaikidwa dala kuti matimu asamalowetse munthu mphindi ziwiri n’kumutulutsa pongofuna kukwaniritsa chiwerengero.

Pali khomo limodzi la ovulala. Ngati wosewera wavulala moti sangasewerenso sizoni yonse, amaloledwa kupikisana nawo akakhala kuti anali atasewera kale magemu 62, komanso kuti anali atasewera magawo 85 pa 100 alionse a magemu a timu yake asanavulale. Zonse ziwiri ziyenera kukwaniritsidwa. Kupatula apo, wosewera angathe kukadandaula kuti anajomba pa zifukwa zapadera zomwe sakanazipewa, ndipo dandaulolo limaunikidwa palokha.

Lamuloli silikhudza MVP yekha. Limagwiranso pa mphoto ya wotchinga bwino, ya wosewera amene wakwera kwambiri poyerekeza ndi chaka chatha, komanso pa matimu osankhidwa a All-NBA (osewera bwino koposa mu sizoni) ndi All-Defensive (otchinga bwino koposa). Silikhudza mphoto ya wosewera watsopano kapena ya wolowa kuchokera pa benchi.

Analiikiranji, ndipo lagwira ndani?

Matimu anazolowera kupumitsa akatswiri awo ali bwinobwino kuti akafike mu playoffs ali ndi mphamvu. Munthu wagula tikiti yodula, makanema alipira ndalama zankhaninkhani, koma katswiri yemwe onse abwerera ali pa benchi atavala zovala zoyendera. Ligi inafuna kuti kupuma koteroko kukhale ndi mtengo wake.

Woyamba kugwidwa mwa akuluakulu anali Embiid, yemwe panthawiyo ndiye anali MVP. Mu Januwale 2024 anagoletsa mapointi 70 pa gemu imodzi ndi San Antonio Spurs, ndipo patangotha sabata anavulala bondo posewera ndi Warriors. Anamaliza sizoni ndi magemu 39, avereji ya mapointi 34.7, ndipo dzina lake silinapezeke pa pepala lovotera. Chaka chotsatira Victor Wembanyama wa Spurs, yemwe ankatsogola pa mpikisano wa wotchinga bwino, anaima pa magemu 46 madokotala atamupeza ndi magazi oundana mu mtsempha wa paphewa.

Vuto la lamuloli ndi lakuti silisiyanitsa waulesi ndi wodwala. Embiid ndi Wembanyama sankapuma mwadala. Ndipo ovota sankafunikira lamulo kuti achotsere mapointi munthu wojomba: m’mbiri yonse ya masizoni a magemu 82, Bill Walton yekha ndiye anapambana atasewera magemu osakwana 65. Mu 1978 anasewera 58, koma pomwe ankavulala phazi n’kuti Portland Trail Blazers itapambana magemu 50 mwa 60, ndipo osewera anzake anaona kuti zimenezo n’zokwanira. Lero sakanaloledwa n’kupikisana komwe. Choopsa kwambiri n’chakuti wosewera amene watsala pang’ono kufika pa 65 amabwerera m’bwalo asanachire bwino.

Kodi NBA inalemba zoyenera kuyang’ana posankha?

Ayi. Kupatula chiwerengero cha magemu, wovota aliyense amagwiritsa ntchito muyeso wake. Ena amafunsa kuti wosewera bwino koposa ndani. Ena amafunsa kuti ndi timu iti ingagwe kwambiri mutaichotsera munthu mmodzi. Enanso amangotenga katswiri wa timu yomwe yapambana magemu ochuluka. Mafunso atatuwa kawirikawiri amatulutsa mayina atatu osiyana.

Sizoni ya 1961-62 ndiyo imaonetsa izi bwino kuposa ina iliyonse. Wilt Chamberlain ankagoletsa avereji ya mapointi 50.4 pa gemu, ndipo ndi sizoni yomwe anagoletsa 100 usiku umodzi. Oscar Robertson anamaliza ndi triple-double ya sizoni yonse, kutanthauza avereji yoposa 10 pa mapointi, pa ma rebound (kugwira mpira womwe waphonya chigoli) ndi pa ma assist (kupatsira mnzake mpira womwe wagoletsa nawo). Mphoto inapita kwa Bill Russell wa Boston Celtics, yemwe sankafika n’komwe mapointi 20 pa gemu, chifukwa osewera anzake ankadziwa zomwe kutchinga kwake kunkawachita.

Mtsutso womwewo unabweranso mu 2025. Jokić anamaliza ndi avereji ya mapointi 29.6, ma rebound 12.7 ndi ma assist 10.2, ndipo Nuggets inapambana magemu 50. Shai Gilgeous-Alexander anatsogola ligi pogoletsa, mapointi 32.7 pa gemu, ndipo Oklahoma City Thunder inapambana 68. Ovota 71 anamuika Gilgeous-Alexander poyamba, 29 anaika Jokić. Kusiyana kwa magemu 18 kunali kwakukulu moti manambala a Jokić sakanakukwirira.

Ndiye wosewera wa timu yofooka angapambane?

Angathe, koma pamafunika chozizwitsa. Kuyambira 1983 mpaka 2016, MVP aliyense anachokera mu timu yopambana magemu 50 kapena kuposa, kupatula masizoni awiri omwe anafupikitsidwa ndi mkangano wa malipiro. Russell Westbrook anaswa mwambowu mu 2017 ndi Thunder yomwe inapambana 47 n’kukhala pa nambala 6 kuchigawo cha kumadzulo, koma anachita kubwereza zomwe Robertson anachita zaka 55 m’mbuyomo, ndi ma triple-double 42 mu sizoni imodzi. Jokić anapambana mu 2022 ndi timu ya magemu 48, anzake awiri odalirika, Jamal Murray ndi Michael Porter Jr., ali ovulala pafupifupi sizoni yonse. Kareem Abdul-Jabbar yekha, mu 1976, ndiye anapambana timu yake italephera kulowa mu playoffs.

Zoti ovota amatopa ndi munthu mmodzi n’zoona?

Palibe lamulo loletsa kupambana motsatizana, koma mbiri ikuonetsa kuti kachitatu kamavuta. Amene anapambana katatu motsatizana ndi atatu okha: Russell, Chamberlain ndi Larry Bird, ndipo womalizayu anachita zimenezi kuyambira 1984 mpaka 1986. Mu 1997 Chicago Bulls ya Michael Jordan inapambana magemu 69, Jordan anatsogola ligi pogoletsa, koma Karl Malone anamuposa pa mavoti ndi mapointi 986 kwa 957. Wopambana kale amapikisana ndi anzake komanso ndi sizoni yake yapitayo, ndipo akangochita zofanana ndi chaka chatha ovota amaona ngati watsika. N’chifukwa chake Jordan ali ndi mphoto zisanu zokha ndipo LeBron James zinayi, ngakhale onsewa analamulira ligi zaka zoposa pamenepo. Mbiri ya mphoto zisanu ndi imodzi ndi ya Abdul-Jabbar.

Pa mtsutso, ndi manambala ati odalirika?

Mapointi pa gemu paokha amanamiza, chifukwa sanena kuti munthu anaponya kangati kuti awapeze. Gwiritsani ntchito true shooting, muyeso wofananitsa mapointi ndi mipira yomwe munthu waponya. Tengani mipira yonse yomwe waponya masewero ali mkati, muwonjezere ma free throw ake (mipira yoponya popanda womutchinga akachitidwa faulo) mutawachulukitsa ndi 0.44, zotsatirazo muzichulukitse ndi 2, kenako mugawe mapointi ake ndi nambala imeneyo. Wogoletsa 30 ataponya mipira 20 ndi ma free throw 10 amapeza 30 kugawa ndi 48.8, yomwe ndi pafupifupi 61 peresenti. Wogoletsa 30 yemweyo ataponya mipira 27 ndi ma free throw 5 amapeza pafupifupi 51 peresenti, ndipo wadya mipira yomwe anzake akanaigwiritsa bwino.

Muyeso wina ndi kusiyana kwa momwe timu imachitira iye ali m’bwalo ndi pomwe ali kunja. Ndi wothandiza, koma samalani nawo: timu ikakhala ndi benchi yofooka, kusiyanaku kumakula ngakhale katswiriyo sanawonjezere kanthu. Kutchinga ndiko kumavuta kuyeza. Ma block (kutchinga mpira woponyedwa) ndi ma steal (kulanda mpira) sawerengera mpira womwe mdani waopa kuponya, choncho apa muyenera kuonera magemu enieniwo.

Mphotoyi ili ndi ndalama?

Phindu lalikulu lili mu kontrakiti. Wosewera wa zaka 7 mpaka 9 mu ligi nthawi zambiri sangalandire kuposa magawo 30 pa 100 a malire a malipiro a timu, koma akakhala kuti anapambana MVP mu imodzi mwa masizoni atatu apitawo, timu yomwe wakulira ingamupatse 35. Kwa achinyamata omaliza kontrakiti yawo yoyamba, malire amakwera kuchoka pa 25 kufika pa 30, lamulo lomwe limadziwika ndi dzina la Derrick Rose, amene anapambana mu 2011 ali ndi zaka 22, wamng’ono kuposa onse. Kusankhidwa mu All-NBA kumatsegulanso khomo lomweli, ndipo apa ndi pomwe magemu 65 amasanduka ndalama. Tyrese Haliburton wa Indiana Pacers, yemwe anavulala ntchafu mu Januwale 2024 n’kubwerera akusewera mphindi zochepa, anafika pa chiwerengerocho, analowa mu All-NBA, ndipo kontrakiti yake inakwera ndi pafupifupi madola 40 miliyoni.

Alipo ochokera ku Africa amene anapambanapo?

Hakeem Olajuwon, wobadwira ku Lagos, anapambana mu 1994 ndi Houston Rockets, ndipo chaka chomwecho anatenganso mphoto ya wotchinga bwino ndi ya m’mafainolo. Embiid, wa mu 2023, anabadwira ku Yaoundé m’dziko la Cameroon. Giannis Antetokounmpo, wopambana mu 2019 ndi 2020, anabadwira ku Athens koma makolo ake ndi a ku Nigeria. Kuyambira 2019 mpaka 2025 mphotoyi inangozungulira pakati pa Antetokounmpo, Jokić wa ku Serbia, Embiid ndi Gilgeous-Alexander wa ku Canada, kutsatira James Harden, wobadwira ku America, yemwe anapambana mu 2018.