Musamubenthulire mwana piritsi la akulu: uthenga kwa makolo a mu Mzuzu

Kukayamba kuzizira kuno ku Mzuzu, makamaka mu June ndi July, ana odwala chimfine, chifuwa ndi kutentha thupi amachuluka, ndipo ambiri amafika kuchipatala atamwetsedwa kale mankhwala kunyumba. Ife anamwino tikafunsa kuti mwampatsa chiyani, yankho limakhala lomwe lija: "Ndangomubenthulira ka Panado." Ena amati anagula pa okala, ena anatenga otsala a bambo ake, ena anapatsidwa ndi anzawo oyandikana nawo. Ku Chibavi, ku Zolozolo, ku Mchengautuwa, ku Luwinga, kwafala maganizo akuti theka la piritsi la munthu wamkulu ndiwo mlingo wa mwana. Makolo, maganizo amenewa ndi olakwika ndipo atha kukuphetsani mwana.

Chiwindi ndi impso za khanda zimakhala zisanakhwime, choncho mankhwala amachedwa kuchoka m'thupi mwake. N'chifukwa chake mlingo wa mwana timauwerengera potengera kulemera kwake, ndipo timayamba tamukweza pa sikelo tisanalembe chilichonse. Ana awiri obadwa mwezi umodzi atha kusiyana makilogalamu angapo, mlingo wawonso n'kusiyana.

Taonani Panado yemweyo. Piritsi limodzi la akulu lili ndi mamiligalamu 500 a paracetamol. Mwana amafunika mamiligalamu 10 mpaka 15 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, ndipo samwa koposa kanayi pa tsiku lathunthu, usana ndi usiku. Khanda lolemera makilogalamu 5 likufunika mamiligalamu 50 mpaka 75 basi. Mukalipatsa theka la piritsi mwalipatsa 250, kuposa katatu mlingo wake. Mukabwereza masana, madzulo, pakati pa usiku chifukwa thupi latenthanso, agogo nawo n'kuwonjezera kawo osadziwa kuti amayi apereka kale, chiwindi chimayamba kuwonongeka. Choopsa n'chakuti tsiku loyamba mwana saonetsa kanthu kwenikweni. Chikasu cha m'maso ndi kulefuka zimadza patapita masiku awiri kapena atatu, zinthu zitafika kale poipa. Dziwaninso kuti mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi paracetamol mkati mwake, ndiye mukaphatikiza ndi Panado mwamwetsa mankhwala amodzi kawiri.

Wina anena kuti, nanga bwanji kuchipatala komweko amatiuza kudula piritsi panayi? Zoona, zimachitika. Koma pamenepo mwana wayezedwa, matenda adziwika, ndipo mlingo walembedwa m'kabuku kake ka kuchipatala. Mlingo umenewo ndi wa mwana ameneyo, pa matenda amenewo. Si wa mng'ono wake, si wa mwezi wamawa.

Chimene chimatipweteka mtima kwambiri ndi kuchedwa. Panado sachiza malungo, sachiza chibayo, sachiza matenda oumitsa khosi. Amangoziziritsa thupi kwa maola ochepa, inu n'kumati mwana wapeza bwino, pamene matenda akupitirira mkati. Lachisanu kabenthu, Loweruka kabenthu, "tiona Lolemba." Pofika Lolembalo mwana magazi achepa, akukomoka. Malungo mwa mwana wamng'ono atha kufika poopsa m'maola 24 okha. Thupi likatentha, pitani naye tsiku lomwelo akamuyeze magazi pachala. Zotsatira zimatuluka pasanathe theka la ola. Ndipo khanda losakwana miyezi iwiri likatentha thupi, kapena likazizira modabwitsa, musalipatse mankhwala aliwonse. Nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi usiku, kaya kukugwa mvula.

Asipirini musampatse mwana. Atha kumuwonongera chiwindi ndi ubongo, makamaka akadwala chimfine kapena katsabola. Makapisozi omwe ena amatsegula n'kuthira ufa wake m'phala ndi oopsanso, ndipo ena mwa iwo, monga tetracycline, amawononga mano a mwana wosakwana zaka 8. Chimfine wamba sichimva mankhwala opha mabakiteriya, choncho Bactrim wogula pamsika simukumuthandiza naye mwana. Mankhwala amadzi a chifuwa osadziwika kumene achokera apeweni ndithu. M'chaka cha 2022 ana oposa 60 anamwalira ku Gambia impso zitasiya kugwira ntchito, ndipo bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linachenjeza za mankhwala amadzi a chifuwa ndi chimfine omwe munapezeka poizoni. Kuno kwathu bungwe la PMRA ndilo limapereka chilolezo kwa ogulitsa mankhwala. Munthu woyala mapiritsi padzuwa alibe chilolezocho, ndipo sangakuuzeni mlingo wa mwana wanu.

Mankhwala mukalandira kuchipatala, kamwetsedwe kake kali ndi njira yake. Masipuni a kunyumba amasiyana kukula, ndiye gwiritsani ntchito kachikho koyezera kapena sirinji yopanda singano, ndipo musachoke pawindo lolandirira mankhwala musanaonetsedwe mzere wofikapo. Botolo ligwedezeni kaye. Mukhazikeni mwana pamwendo mutu uli m'mwamba, lowetsani sirinji chakutsaya, n'kumafinya pang'onopang'ono akumeza. Chonde, amayi ndi agogo, lekani kumugoneka mwana chagada n'kumutsina mphuno kuti atsegule pakamwa. Akamalira amakoka mpweya mwamphamvu, mankhwala n'kulowera kumapapo. Atha kutsamwa pomwepo kapena kudwala chibayo pambuyo pake. Piritsi losungunuka lisungunuleni m'madzi aukhondo ochepa kapena mkaka wa m'mawere wofinyira pa sipuni. Musalithire m'mbale yonse ya phala, chifukwa akasiya phalalo simudziwa kuti wamwa zochuluka bwanji. Mwana musamunyengerere kuti ndi switi, ndipo mankhwala onse akhale pamwamba pomwe sangafikire.

Mankhwala a malungo a LA amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, ndipo ulendo wachiwiri umadza patapita maola 8 kuchokera pa woyamba. Mwana wa makilogalamu 5 mpaka 14 amamwa piritsi limodzi ulendo uliwonse, wa 15 mpaka 24 amamwa awiri. Muyamwitseni kapena mumpatse chakudya akamamwa, mankhwalawa amalowa bwino m'thupi motero. Akasanza mphindi 30 zisanathe, mpatseninso, kenaka mukatenge piritsi lolowa m'malo kuchipatala. Tsiku lachiwiri mwana amayamba kusewera, ndipo apa ndi pamene ambiri mumasiya n'kusunga otsalawo kuti "adzathandiza wina akadzadwala." Otsala amenewo ndiwo mudzabenthulire khanda mwezi wamawa popanda kuyezetsa, pamene woyamba uja malungo amubwerera. Malizitsani onse. Chimodzimodzi amoxicillin wa chibayo, ndi zinki wa kutsegula m'mimba yemwe amamwedwa masiku osachepera 10 pamodzi ndi Thanzi ORS.

Mwana akagonekedwa mu wodi, tiuzeni zonse zimene wamwa, ngakhale mankhwala achikuda. Sitikufunsa kuti tikudzudzuleni. Mukatibisira kuti wamwa Panado katatu kuchokera m'mawa, ife tidzampatsanso, ndipo wovutika ndi mwana. Musamwetse kalikonse mobisa usiku kuseri kwa nsalu. Inunso muli ndi ufulu wofunsa namwino dzina la mankhwala, mlingo wake ndi nthawi yake, komanso kutikumbutsa ngati mwana anatupapo kapena kutuluka ziwengo atamwa mankhwala ena. Mukaona kuti dzina limene laitanidwa si la mwana wanu, nenani msanga asanamwe.

Mwana akakana kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akakomoka, akamangogona osadzuka bwino, akamapuma mofulumira nthiti zikulowa mkati, musafunefune piritsi m'chikwama. Thamangirani ku Mapale, ku Mzuzu Central, ku St John's kapena kuchipatala chimene muli nacho pafupi. Ngati mwazindikira kuti mwamumwetsa mopitirira mlingo, pitani ngakhale akuoneka bwino, ndipo musamukakamize kusanza. Tengani kabuku kake, tenganinso botolo kapena pepala la mankhwala amene wamwa.