Enalapril ndi losartan: musamwere pamodzi

Anthu ambiri a BP amamwa mitundu iwiri kapena itatu ya mankhwala, ndipo nthawi zambiri n'zoyenera. Amlodipine amagwirizana bwino ndi enalapril, hydrochlorothiazide amagwirizana ndi losartan. Koma pali magulu awiri osayenera kumwedwa pamodzi, ndipo mungawadziwe poona mmene dzina lathera. Gulu loyamba limathera ndi -pril, monga enalapril, lisinopril, captopril ndi ramipril. Lachiwiri limathera ndi -sartan, monga losartan, valsartan ndi telmisartan. Muziwerenga dzina la mankhwala enieniwo, osati la kampani lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa bokosi.

Magulu onsewa amagwira pa chinthu chimodzi. Thupi limapanga angiotensin II, amene amafinya mitsempha ya magazi komanso kuchititsa impso kusunga mchere ndi madzi. A -pril amachepetsa kupangidwa kwake, a -sartan amamutsekera malo ogwirirapo ntchito. Komatu impso zimadalira angiotensin II yemweyu kuti zipitirize kusefa magazi pamene madzi achepa m'thupi. Mukamutsekera uku ndi uku, impso zimatha kufooka m'masiku ochepa, BP imatsika mopitirira, ndipo potaziyamu, mtundu wina wa mchere wa m'thupi, amachuluka m'magazi. Poyeza magazi, mlingo wabwino wa potaziyamu ndi 3.5 mpaka 5.0. Ukadutsa 5.5 dokotala ayenera kuonanso mankhwala anu, ukafika 6.0 ndi nkhani ya tsiku lomwelo chifukwa mtima ungasokonezeke kagundidwe. Choopsa n'chakuti ambiri samva kalikonse potaziyamu akukwera.

Kale madokotala ena ankaganiza kuti kuphatikiza kumateteza impso kwambiri. Kafukufuku wa ONTARGET, amene anatuluka mu 2008 atatsata anthu oposa 25,000, anapeza kuti ramipril ndi telmisartan pamodzi sanachepetse imfa kapena sitiroko kuposa ramipril yekha, koma anawonjezera kukomoka ndi mavuto a impso. Wina wa VA NEPHRON-D, wa odwala shuga omwa losartan ndi lisinopril, anaimitsidwa usanathe chifukwa cha kuvulala kwa impso ndi kukwera kwa potaziyamu.

Muno mu Harare kuphatikizaku kumachitika kwambiri mosadziwa. Munthu wayamba chifuwa chouma chifukwa cha enalapril, dokotala wamusinthira pa losartan, koma enalapril akadali m'kabati ndipo kutaya mankhwala ogula ndi madola kumawawa, ndiye amangomwa onse. Wina amalandira enalapril ku kiliniki ya ku Mbare kapena Highfield, kwinaku mwana wake ali ku Johannesburg akumutumizira ena a dzina lachilendo. Mukasinthiridwa mankhwala, funsani mosapita m'mbali: akalewa ndisiye kapena ndipitirize? Ndipo popita ku kiliniki kapena ku famase tengani mabokosi onse, ngakhale ochokera kumudzi ku Malawi.

Palinso ena owonjezera ngoziyo ngakhale mukumwa gulu limodzi lokha. Ibuprofen ndi diclofenac amachepetsa magazi opita ku impso, ndipo akakumana ndi enalapril pamodzi ndi mankhwala okodzetsa monga hydrochlorothiazide, impso zimavutika kwambiri. Pa ululu wamba paracetamol ndiye wabwinoko. Cotrimoxazole, amene ambiri a ma ARV amamwa tsiku ndi tsiku, amakweza potaziyamu, ndiye a ku kiliniki ya ma ARV adziwe za mankhwala anu a BP. Mchere wogulitsidwa ngati wa anthu a BP nthawi zambiri umakhala ndi potaziyamu. Spironolactone, mankhwala okodzetsa amene nawonso amakweza potaziyamu, amaperekedwa dala pamodzi ndi enalapril kwa odwala mtima, koma pokhapokha magazi akuyezedwa pafupipafupi.

Magazi ayezedwe, potaziyamu ndi creatinine (amene amaonetsa mmene impso zikugwirira ntchito), pakatha sabata imodzi kapena ziwiri mutayamba mankhwalawa kapena mutawonjezeredwa mlingo. Mukatsegula m'mimba kwambiri kapena kusanza, monga nthawi ya kolera, imwani ORS ndipo funsani namwino tsiku lomwelo ngati muyambe mwaimitsa mankhwalawa. Mayi woyembekezera sayenera kumwa a -pril kapena a -sartan, amavulaza impso za mwana.

Mukapeza kuti mukumwa onse awiri, musasiye mankhwala onse a BP nokha. Pitani nawo ku kiliniki lero kapena mawa akusankhireni amodzi. Koma ngati mkodzo wachepa kwambiri, miyendo yalefuka, mtima ukugunda modumphadumpha, mwakomoka, kapena milomo ndi lilime zatupa, musadikire tsiku la kiliniki, thamangirani ku Parirenyatwa, ku Sally Mugabe kapena ku chipatala chilichonse chapafupi.