Penti wambiri saletsa dzimbiri pa zitseko za malole akale a asilikali

Ambiri kuno ku Mulanje akagula lole yakale ya asilikali amaunjika penti mkati mwa chitseko, ati dzimbiri likakwiririka latha. Silitha. Limadyabe chitsulo kunsi, ndipo ndi chinyontho cha chiperoni pentiyo amachita matuza n'kusupuka.

Masulani zogwirira, chotsani chivundikiro cha mkati mwa chitseko, mupale dzimbirilo ndi sandipepala wokhakhala wa nambala 80 mpaka chitsulo chiwale, mumalize ndi wosalalirapo wa nambala 180. Tokosani timabowo ta kunsi kwa chitseko. Tikatsekeka ndi matope, madzi amakhazikika momwemo, ndiye gwero la vutoli. Pakani red oxide, penti woyambira woteteza chitsulo ku dzimbiri, aume, kenaka penti wopyapyala kawiri kapena katatu.

Chivundikiro chikakhala cha vinyl, pulasitiki wofewa uja, penti wa chitsulo amang'aluka. Chimafuna penti wakewake, mutatsukaponso polishi yense.